Tsitsi lanu likukula, kungoti likuthera ku nsonga

"Tsitsi langali silikula." Dandaulo limeneli mudzalimva m'saluni iliyonse, kaya ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, ndipo wodandaulayo amakhala atayesadi zambiri: mafuta a nsatsi, mafuta a m'mabotolo okongola ochokera kunja, madzi otsukira mpunga, mwinanso mapiritsi a mavitamini. Koma taonani mayi yemweyo akathira mankhwala owongola tsitsi. Pakatha miyezi iwiri amabwerera kusaluni kuti pansi pamera latsopano, pakufunika ritachi. Amene analukitsa meshi naye amaona zomwezo, pakapita masabata asanu zoluka zija zimakhala zitatalikirana ndi khungu. Tsitsi likumera ndithu, ndipo silinasiyepo. Chikuchitika n'chakuti limene likumera kumuzu likungofanana ndi limene likuduka ku nsonga, ndiye chaka chimatha utali uli pomwepo.

Liwiro limene tsitsi limamera nalo ndi la kumtundu, ndipo palibe mafuta amene angalisinthe kwenikweni. Chimene chili m'manja mwanu ndi kuchuluka kwa tsitsi limene mukutaya. Ndalama zambiri zimene amayi amawononga pofuna "kukulitsa" tsitsi zikupita kumuzu, kumene kulibe vuto, pomwe chiwonongeko chili ku chipeso, ku mankhwala, ku moto ndi ku manja a woluka.

M'mutu mwa munthu muli mizu ya tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo muzu uliwonse uli ndi nyengo zake. Umameretsa kwa zaka 2 mpaka 6, kenako umaima kwa masabata awiri kapena atatu, n'kupuma pafupifupi miyezi itatu. Ikatha nthawi yopumayo tsitsi lakale limagwa, latsopano n'kuyamba m'malo omwewo. Mizu siyendera limodzi. Pa nthawi iliyonse mizu 85 mpaka 90 mwa 100 imakhala ikumeretsa, inayo ikupuma, n'chifukwa chake kutaya tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku si matenda.

Mu 2001 wofufuza wa ku France, Geneviève Loussouarn, anayeza kakulidwe ka tsitsi la anthu a ku Africa ndipo anapeza kuti limamera pafupifupi mamilimita 0.26 pa tsiku, pomwe la azungu limamera pafupifupi mamilimita 0.4. Zoona, lathu limachedwerapo. Koma chulukitsani ndi masiku a chaka chonse, mupeza masentimita oposa 9. Muzu ukameretsa zaka zinayi popanda choduka, ndiye masentimita oposa 36, tsitsi lopitirira mapewa likawongoledwa. Komanso tsitsi lachilengedwe likauma limadzipinda n'kuoneka lalifupi, nthawi zina losafika ndi theka lomwe la utali wake weniweni. Kuti mudziwe pamene lafika, kokani kagawo kamodzi modekha n'kuyeza, pagalasi pokha simungaone.

Masamu omwewa akutiuza chinanso. Ngati tsitsi lanu ndi lotalika masentimita 30, nsonga zake zili ndi zaka zoposa zitatu. Zapesedwa, zachapidwa, zapsa ndi dzuwa la Okutobala katatu konse. Ndipo tsitsi limene latuluka kale pakhungu ndi lakufa, mulibe magazi kapena mitsempha, silingathe kudzikonza. Mankhwala olembedwa kuti "amakonza tsitsi lowonongeka" amangomata pamwamba kwa masiku ochepa. Chilichonse chimene mwalichita lero lidzayenda nacho mpaka tsiku limene lidzaduke kapena kudulidwa.

Chifukwa chake lathu limaduka msanga

Tsitsi limapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin, yomwenso imapanga zikhadabo. Mukaliika pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, kunja kwake kuli timamba tosanjikizana ngati mamba a chambo, tonse toloza ku nsonga. Timambati timateteza mtima wa tsitsi, momwe muli mphamvu zake ndi mtundu wake. Tikagona bwino tsitsi limaterera ndipo limawala. Tikatukuka kapena kukanganuka, tsitsi limakhakhala, limakolana ndi linzake, chinyezi chimathawa msanga, ndipo mtima uja umayamba kung'ambika.

Tsitsi la anthu akuda silikhala lozungulira bwinobwino mukalidula pakati, limakhala lophwatalala pang'ono, ndipo limatuluka m'muzu wokhota. N'chifukwa chake limapiringizika, ndipo pokhota paliponse ndi pofooka. Mafuta achilengedwe amene khungu la m'mutu limatulutsa amavutika kutsetsereka m'makhotamakhotamo kuti akafike ku nsonga, moti munthu akhoza kukhala ndi mafuta pakhungu nsonga zili gwa. Kenako pali timfundo. Mu 2000, Dokotala Nonhlanhla Khumalo wa ku University of Cape Town ndi anzake anaunika tsitsi lotsalira m'zipeso za anthu amene sanathirepo mankhwala. Anapeza kuti tsitsi 10 mpaka 16 mwa 100 la anthu akuda linali litadzimanga timfundo, pomwe kwa mitundu ina silinafike ndi limodzi lomwe mwa 100, ndipo lambiri linali loduka. Kumbukirani, ili linali tsitsi losathira chilichonse. Kupesa kokhako kunali kulimeta tsiku ndi tsiku.

Umboni wina timauona pamsewu. Anthu osunga madiredi tsitsi limawafika kumsana, pomwe abale awo a bere limodzi lawo limangothera m'makutu. Zoona, m'diredi mumatsaliranso tsitsi lothothoka limene likanagwa pansi, koma kusiyana kwakukulu n'kwakuti m'mutu mwawo simudutsa chipeso.

Musanagule chilichonse, dziwani kaye ngati tsitsi lanu likuthothoka kapena likuduka, chifukwa mavuto awiriwa ndi osiyana ndipo njira zake n'zosiyananso. Yalani nsalu yoyera pamiyendo pamene mukupesa, mukatha tolani limene lagwalo n'kuliyang'ana powala. Tsitsi lalitali lokhala ndi kamutu koyera kumapeto kwake lachoka kumuzu, nthawi yake inakwana. Tizidutswa tatifupitifupi topanda kamutu, tomwe timadzadzanso pamapewa ndi m'bafa, ndi tsitsi loduka. Amayi ambiri akayesa zimenezi amapeza kuti tizidutswa ndi tomwe tachuluka.

Chipeso, madzi ndi mafuta

Ambiri mwa ife tinakula tikumeta chifukwa cha malamulo a sukulu, ndiye mtsikana amayamba kusunga tsitsi atalemba mayeso a Fomu 4, popanda amene anamuphunzitsapo kaligwiridwe kake. Chimene amadziwa ndi chipeso cha mano ofinana, tsitsi louma, ndi changu cha m'mawa. Kaphokoso kamene kamamveka chipeso chikamadutsa kaja si timfundo tikumasuka, ndi tsitsi likuduka.

Tsitsi lachilengedwe lizipesedwa lili lonyowa komanso loterera ndi kondishona. Ligaweni magawo anayi kapena asanu ndi limodzi. Pa gawo lililonse yambani ndi zala, kumasula zokolana mmodzimmodzi, kenako chipeso cha mano akuluakulu otalikirana, kuyambira ku nsonga n'kumakwera pang'onopang'ono kumuzu, dzanja lina litagwira tsitsilo kuti khungu lisakokeke. Gawo likatha lipoteni kuti lisakolanenso. Pa intaneti mudzawerenga kuti tsitsi lonyowa salipesa. Malangizo amenewo ndi a tsitsi lowongoka la azungu ndi amwenye. Lathu likanyowa limafewa, makhota ake amamasuka, ndipo chipeso chimadutsa ndi mphamvu yochepa. Lothira mankhwala owongola ndi lomwe limafuna kusamala kwambiri likanyowa, chifukwa limatamuka n'kuduka, choncho lisiyeni liyambe kuuma pang'ono. Ndipo palibe lamulo loti tsitsi lizipesedwa tsiku lililonse. Kamodzi pa sabata, tsiku lochapa, n'kokwanira ngati masiku enawo lili lopota kapena loluka.

Kuchapa kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri kumakwanira anthu ambiri. Amene amatuluka thukuta kwambiri, kapena amakhala m'fumbi la Seputembala ndi Okutobala, angachape pafupipafupi. Kuopa madzi poganiza kuti amaumitsa tsitsi n'kulakwitsa, choumitsa ndi sopo. Sopo wochapira zovala, ngakhalenso sopo wosambira wamba, amatukula timamba tija. Akakumana ndi madzi a pamjigo okhala ndi mchere wambiri, monga amene amapezeka m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, amasiya zoyerayera zomatirira kutsitsi, likauma n'kukhala lolimba. Kumene madzi ali otero, madzi a mvula otungira m'chidebe choyera amathandiza kwambiri potsukuluza. Shampu ndi ya khungu, ipakeni pamenepo ndi nsonga za zala, osati zikhadabo, thovu lotsika lidzatsuka kwinako. Kondishona ndi ya tsitsi, makamaka nsonga, ndipo ngati ndalama zikukwanira chimodzi chokha chabwino, ine ndingasankhe kondishona. Popukuta musapikise ndi thaulo, ingofinyani ndi tisheti yakale.

Pa mafuta ndi pamene pali chisokonezo chachikulu. Mafuta sanyowetsa tsitsi, chonyowetsa ndi madzi. Ntchito ya mafuta ndi kutsekera chinyezi chimene chilimo kale ndi kuchepetsa kukhulana. Mukapaka Vaseline pa tsitsi louma lidzawala, koma m'kati likadali louma. Yambani ndi kuwaza madzi kapena kirimu wokhala ndi madzi, mafuta abwere pambuyo, ochepa, ku nsonga. Mafuta a kokonati ali ndi umboni wake. Mu 2003 ofufuza a ku India, Rele ndi Mohile, anayerekeza mafuta a kokonati, a mpendadzuwa ndi ochokera ku petulo, ndipo a kokonati okha ndi amene anachepetsa kutayika kwa puloteni m'tsitsi, chifukwa amatha kulowa m'kati. Kuwapaka maola angapo musanachape kumateteza ndithu. Mafuta a nsatsi ndi abwino potsekera chinyezi chifukwa ndi olemera, koma palibe kafukufuku wodalirika woonetsa kuti amameretsa tsitsi. Chimodzimodzi ufa wa chebe wochokera ku Chad umene watchuka pa Facebook ndi TikTok. Amayi a kumeneko amaupaka kutsitsi pamodzi ndi mafuta, n'kuliluka, n'kulisiya masiku ambiri osaligwira. Kusaligwirako ndi kumene anthu amaiwala akamagula ufawo.

Ngati muli ndi mfundu, lekani kuthira mafuta pakhungu. Mfundu nthawi zambiri si kuuma kwa khungu, imayenderana ndi tizilombo ta mtundu wa yisiti totchedwa Malassezia timene timadya mafuta, ndiye mukamawonjezera mumatidyetsa. Shampu yokhala ndi ketoconazole, yopezeka m'mafamase, ndi imene imathandiza.

Usiku nawo umadya tsitsi. Pilo ya thonje ndi duku ya chitenje zimamwa mafuta ndipo zimakhula tsitsi munthu akamatembenuka. Kansalu koterera ka satini, komwe pa kaunjika simungakasowe, kamateteza kwambiri, ndipo kangavalidwenso pansi pa duku masana kapena pansi pa nkhata posenza katundu. Tsitsi lofika m'mapewa limakhulananso ndi kolala ndi juzi m'nyengo yozizira, n'chifukwa chake ambiri limawaimira pomwepo. Nsonga zikhale zobisika nthawi zambiri. Zikagawanika zidulidwe ndi sizasi yakuthwa, pang'ono pamwamba pa pogawanikapo. Kudula sikufulumizitsa kukula, kumangoletsa mng'alu kukwera.

Mankhwala owongola ndi moto

Mankhwala owongola tsitsi amphamvu amapangidwa ndi sodium hydroxide, kositiki yemweyo wopangira sopo. Pa muyezo wa pH, umene umaonetsa ngati chinthu chili cha asidi kapena cha mtundu wa kositiki, tsitsi ndi khungu la m'mutu zili cha pa 5, pomwe mankhwalawa ali pa 12 kupita m'mwamba. Amatsegula timamba, kulowa mumtima mwa tsitsi n'kudula timalumikizano timene timapangitsa kuti likhale lopiringizika. Timalumikizano tomweto ndi timene timalipatsa mphamvu, ndipo tikaduka sitibwereranso. Choncho tsitsi lililonse lowongoledwa ndi mankhwala ndi lofooka kuposa mmene linalili, ngakhale wothirayo atakhala katswiri. Mankhwala olembedwa kuti alibe kositiki, kuphatikizapo aja a m'mabokosi okhala ndi zithunzi za ana, amagwira ntchito m'njira yomweyo pogwiritsa ntchito guanidine hydroxide. Sapsereza khungu msanga, koma amasiya kashiamu kutsitsi amene amaliumitsa.

Sindikunena kuti aliyense asiye, pali amayi a tsitsi lowongola lalitali bwino. Koma chimene chimapha tsitsi lotere ndi ritachi ya pafupipafupi. Pa masabata asanu ndi limodzi tsitsi latsopano limakhala litangofika sentimita imodzi. Palibe dzanja limene lingapake mankhwala pa sentimita imodzi osakhudza lakale, ndiye lakalelo limawongoledwa kachiwiri, kachitatu, mpaka kumangoyoyoka. Dikirani masabata 8 mpaka 12. Mankhwala apakidwe pa latsopano lokha, lakale litatetezedwa ndi mafuta, khungu ndi makutu zitapakidwa Vaseline. Nthawi yolembedwa pabokosi isapitirire. Mawu akuti "pirirani pang'ono kuti agwire bwino" ndi amene asiya amayi ambiri ndi zilonda m'mutu. Kuwawa kukutanthauza kuti khungu likupsa, ndipo chilonda chakuya chikapola pamalopo sipameranso. Potsuka pamafunika shampu yake yoletsa mphamvu ya mankhwalawo, kangapo. Utoto wosintha mtundu wa tsitsi udikire masabata awiri.

Pali chinanso chimene wothira mankhwala ayenera kuchidziwa. Mu 2022 ofufuza a boma la America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa amayi oposa 33,000 amene anawatsatira kwa zaka pafupifupi 11. Anawerengera kuti mwa amayi osagwiritsa ntchito mankhwala owongola, 1.64 mwa 100 angadwale khansa ya m'kati mwa chiberekero (osati ya khomo la chiberekero) pofika zaka 70, pomwe mwa ogwiritsa ntchito koposa kanayi pa chaka chiwerengero chinali 4.05. Kafukufukuyu anaonetsa kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, sanatsimikize kuti mankhwalawo ndi amene amayambitsa, ndipo khansayi si yofala. Komabe ndi chifukwa chinanso chotalikitsira ritachi, komanso chosathirira mankhwala m'mutu mwa mwana.

Moto nkhani yake ndi yachidule. Zowongolera tsitsi zamagetsi zimatentha mpaka madigiri 230, pomwe madzi amawira pa 100. Mukapana tsitsi lachinyezi, madzi a m'kati mwake amawira n'kusiya timatuza, pamenepo n'kudzathyoka. Tsitsi liziuma kaye, chowongoleracho chisapitirire madigiri 180, chidutse kamodzi pa gawo lililonse, ndipo zisakhale za sabata ndi sabata. Chipeso chachitsulo choika pambaula chilibe choyezera, choncho chiyeseni kaye pa pepala loyera, likapsa ndiye tsitsinso lipsa. Amene akungofuna kuti tsitsi litambasuke, njira ya agogo yomanga ndi ulusi imachita zomwezo popanda moto, bola ulusiwo usamangidwe mothina kumuzu.

Kuluka: chitetezo chimene chimasanduka chiwonongeko

Kuluka ndi njira yabwino kwambiri yosungira utali, chifukwa chipeso chimapuma ndipo nsonga zimabisika. Koma ndi komwenso kwachotsa tsitsi la pamphumi la amayi ambiri, ndipo vutoli ndi lalikulu kuposa kuduka, chifukwa limakhudza muzu. Madokotala amalitcha traction alopecia, kusosoka kwa tsitsi chifukwa chokokedwa. Mu 2007 Khumalo ndi anzake anayeza anthu ku Langa, mumzinda wa Cape Town, ndipo anapeza vutoli mwa atsikana a sukulu 17 mwa 100 ndi amayi pafupifupi 32 mwa 100. Chiopsezo chinali chachikulu kwambiri mwa amene analukitsa kapena kusoketsa wivi pa tsitsi lothira mankhwala owongola. Kalukidwe kathu kuno sikasiyana ndi ka ku Langa, ndipo mukayang'ana m'mphepete mwa maduku pa ukwati kapena kutchalitchi mudziona nokha.

Zimachitika chonchi. Mayi wakhala pampando kuyambira m'mawa, woluka wafika kutsogolo. Akutola titsitsi tofewa ta pamphumi, mwina khumi, n'kutimangirira chingwe cha meshi chofika m'chiuno. Khungu latukuka pamalopo, nsidze zakwera, maso atsinzinika. Mayi uja akuti, "Achemwali, apa pakuwawatu." Yankho n'lakuti, "Zimatero amayi, mawa zikhala zitamasuka. Tikapanda kukoka sizikhalitsa." Madzulo akumwa Panado kuti agone, mutu ataukhazika chammbali. Pakatha masiku atatu m'mphepete mwa zoluka mwatuluka tiziphuphu toyera. Tsiku lomasula, chingwe chija chikutuluka ndi titsitsi take, tonse tili ndi timitu toyera.

Kuwawa, tiziphuphu ndi khungu lotukuka ndi zizindikiro zoti muzu ukuzuka, ndipo zoluka zotero zimasulidwe tsiku lomwelo ngakhale ndalama zapita. Mukambirane ndi woluka asanayambe, osati atafika pakati. Muuzeni mwaulemu kuti, "Achemwali, kutsogoloku mundisiyire, ndipo musakoke, zikatha msanga ndibweranso." Oluka ambiri amakoka chifukwa makasitomala amawadzudzula zikamasuka msanga, mukawamasula pa zimenezo amamva. Gawo la tsitsi lanu likhale lalikulu mokwanira kunyamula meshi imene yamangidwapo. Zoluka zing'onozing'ono kwambiri, zazitali kwambiri ndi zolemera ndi zimene zimazula. Kuzimanganso pamwamba pa mutu tsiku lililonse kumawonjezera kukoka pamalo omwewo. Ngati mwangothira mankhwala, padutse masabata osachepera awiri musanalukitse.

Zoluka zisapitirire masabata 6 mpaka 8, ndipo m'kati mwa nthawiyo khungu lizichapidwa, tsitsi liziwazidwa madzi. Pomasula musadabwe ndi mulu wa tsitsi. Pa masabata 6 limakhala litathothoka lokha tsitsi 2,000 mpaka 4,000 limene linalibe kogwera. Chofunika n'kulichotsa ndi zala, pamodzi ndi litsiro lomatirira kumuzu, musanathire madzi. Mukachapa musanamasule zokolanazo tsitsi lonse limaumbana, ndipo ambiri amathera ku sizasi. Mukatero lipumitseni sabata imodzi kapena awiri, ndipo musinthe kalukidwe kuti mzere usamadutse malo amodzimodzi.

Wigi ndi yabwinoko chifukwa imavulidwa usiku, koma guluu womatira pamphumi ndi tizipeso ta m'kati mwake zimazula malo omwe aja. Chimodzimodzi kugoneka titsitsi ta pamphumi ndi jelo ndi burashi m'mawa uliwonse.

Ana ndi amene amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa sasankha okha. Mwana wa zaka zinayi akamalira pomuluka, timati ndi wamantha, timamugwira. Koma mizu yake ikuwonongeka zaka zambiri asanadziwe n'komwe kuti tsitsi n'chiyani. Timalabala tothina ndi mikanda yolemera zikhale za apo ndi apo. Kusosoka kokokedwa kukadziwika msanga kumabwerera, tsitsi limameranso pakatha miyezi ingapo kukokako kukasiyidwa. Kukapitirira zaka, mizu imafa, khungu limasalala n'kumawala, ndipo palibe mafuta amene angadzutse muzu wakufa. Kawirikawiri kutsogolo kwenikweni kumatsala kamzere ka titsitsi topyapyala, dazi lili kumbuyo kwake, ndipo kamzereko kamapusitsa anthu kuti zinthu zikadali bwino.

Vuto likakhala m'thupi

Ngati pa nsalu yoyera ija mwapeza kuti lochuluka ndi lalitali la timitu toyera, ndipo likugwa mutu wonse, kondishona sikuthandizani. Thupi likadutsa m'chinthu chachikulu monga kubereka, malungo aakulu, taifodi, opaleshoni, maliro a wachibale kapena kuonda mwadzidzidzi, mizu yambiri imalowa m'nyengo yopuma nthawi imodzi. Tsitsilo siligwa pomwepo, limagwa pakatha miyezi iwiri kapena itatu, munthu ataiwala kale za matendawo, n'chifukwa chake ena amayamba kuganizira zina. Mayi woyamwitsa amene tsitsi likuyoyoka mwana ali ndi miyezi itatu kapena inayi asade nkhawa. Nthawi zambiri zimaleka zokha pakatha miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, ndipo nthawi imeneyo si yolukitsa zolemera.

Kuchepa kwa magazi nakonso kumathothola tsitsi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi ali ndi magazi ochepa. Ngati tsitsi likugwa ndipo mukutopa msanga, kumva chizungulire kapena kutaya magazi ambiri posamba, kayezetseni. Matenda a chithokomiro amachitanso zomwezo. Tsitsi ndi puloteni, ndiye usipa, matemba, mazira, nyemba, soya, mtedza ndi masamba monga bonongwe zimagwira ntchito imene mapiritsi odula amalonjeza. Mapiritsi a vitamini wotchedwa biotin amathandiza okhawo amene akupereweradi biotin, omwe ndi ochepa kwambiri, ndipo amatha kusokoneza zotsatira za magazi ena ku labotale, choncho amene akumwa azimuuza dokotala.

Chipere cha m'mutu mwa ana, chija chimasiya malo ozungulira oyera tsitsi litaduka, sichimva mankhwala opaka okha chifukwa tizilombo take timalowa m'kati mwa tsitsi. Chimafuna mankhwala akumwa monga griseofulvin kwa masabata 6 mpaka 8, ndipo zipeso ndi makina ometera asabwerekanidwe.

Pali matenda enanso amene amagwira kwambiri amayi akuda, oyambira paliwombo n'kumafalikira mozungulira, nthawi zina ndi kuyabwa, kutentha kapena kuwawa pokhudza. Madokotala amawatcha CCCA. Amapha mizu n'kusiya chipsera pansi pa khungu. Mu 2019 ofufuza, mmodzi mwa iwo Pulofesa Ncoza Dlova wa ku Durban, anapeza kuti mwa odwala ena matendawa amagwirizana ndi chibadwa, choncho ngati amayi anu kapena azakhali anu anasosoka paliwombo, khalani tcheru. Mankhwala sangabweze mizu imene yafa kale, koma amatha kuimitsa matendawa, ndipo miyezi imene munthu amataya akubisa ndi wigi n'kumapaka mafuta ndi imene dazi limakulira.

Tsitsi likamasosoka malo amodzi, pakhungu pakakhala mafinya, zilonda kapena kusalala kowala, kapena kuthothoka kukapitirira miyezi isanu ndi umodzi, pitani kuchipatala. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mbali yoona za matenda apakhungu, ndipo chipatala cha m'boma lanu chingakutumizeniko. Mupite mutamasula zoluka kuti khungu lioneke, mutatenga mabotolo a zonse zimene mumapaka, ndipo mukumbukire nthawi imene munathira mankhwala komaliza. Mankhwala opaka amene ali ndi umboni woti amameretsa tsitsi pamene mizu ikadali yamoyo ndi minoxidil, koma amatenga miyezi ingapo kuti aonetse kusintha, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asawagwiritse ntchito dokotala asanavomereze.